Sukulu yabwino ndi imene mwana angaimalize

Nkhondo itatha m'chaka cha 1992, anthu a m'mbali mwa nyanja za Amaramba ndi Chiuta adabwerako ku Malawi kumene adathawira, napeza masukulu ambiri ali mabwinja. Masiku amenewo mwana akangodziwa kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama za nsomba, makolo ankati waphunzira. Lero zinthu zasintha. Ana a asodzi ndi a alimi a mpunga akumaliza kalasi 12, ena ku Insaca, ena ku Cuamba, ndipo m'makomo ambiri mwabuka funso limene agogo awo sadalidziwe: kodi mwanayu apite ku yunivesite iti?

Ambiri akafunsidwa funsoli amayankha ndi dzina. Amati apite ku Maputo, ku Eduardo Mondlane, chifukwa ndiyo yakale ndiponso ndiyo yomveka. Zimenezi nzoona ndithu. Sukuluyi idatsegulidwa mu 1962 nthawi ya Apwitikizi, ndipo idapatsidwa dzina la Mondlane mu 1976, dziko litangolandira ufulu. Madokotala, maloya ndi mainjiniya ambiri a dziko lino adadzera pamenepo. Ngakhale mwana wa ku Niassa konkuno, a Brazão Mazula, obadwira ku Messumba kufupi ndi Metangula, adakhalapo mkulu wa sukuluyi kuyambira 1995 mpaka 2007, ndipo nyumba yaikulu yowerengeramo mabuku pamenepo imadziwika ndi dzina lawo. Tsono palibe anganene kuti munthu wa kumpoto kuno alibe malo kumeneko.

Koma dzina la sukulu silidzutsa mwana m'mawa, silimuphikira, ndiponso silimulipirira chapa. Mwana akakhala pakati pa anzake achilendo, mumzinda wachilendo, kwa zaka zinayi kapena zisanu ndi chimodzi. Banja lina la kufupi ndi nyanja ya Amaramba lidazindikira zimenezi posachedwapa, ndipo m'mene lidayendetsera nkhani yake muli phunziro kwa makolo ena.

Mtsikana wa m'banjamo ndiye woyamba kubadwa mwa ana asanu. Kalasi 11 ndi 12 adaphunzirira ku Cuamba akukhala kwa azakhali ake, ndipo adakhoza bwino kwambiri Biologia ndi Química, omwe ndi maphunziro ofunsidwa pa mayeso olowera ku udokotala. Mtima wofuna udokotala udamugwira ali wamng'ono, usiku wina ataona mayi ake ali oyembekezera akuwakweza pa njinga mvula ili mkati, kupita nawo kuchipatala chakutali. Chuma cha pakhomopo nchosabisika: bwato limodzi, ukonde, dimba la mpunga ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri. Zimenezi zikagulitsidwa ndiye kuti zapita, sizibweranso. Ndipo kumbuyo kwa mtsikanayu kuli ana anayi amene akudikira nthawi yawo.

Tsiku lokambirana, amalume ake, omwe ndi eni mbumba, ndiwo adayamba kulankhula. Iwowa adagwirapo ntchito ku Johannesburg ndipo popita ankadzera ku Maputo.

"Alamu, mwanayu mutu wake ngwakuthwa, tisamuchepetse," iwo adatero. "Apite ku Maputo. Pepala la kumeneko likafika pa tebulo, bwana aliyense amaimirira. Mbuzi zanga ziwiri ndiwonjezerapo."

Mayi a mtsikanayo sadagwirizane nazo. "Achimwene, nanga akadwala usiku kumeneko, amuone ndani? Bwanji osapita ku Blantyre pompa, kumene kuli abale athu, kumene amalankhula chinenero chathu chomwechi?"

Bambo a mwanayo, amene salankhulalankhula, adadikira mpaka onse atamaliza. Kenaka adati bwato saligula poona kusalala kwake, amayamba aligogoda kuti amve ngati mulibe mng'alu. Pakati pa onse amene adakhala pamenepo, adatero iwo, palibe ndi mmodzi yemwe adagonapo m'kati mwa yunivesite. "Safunsa adadya phula. Alamu, mutenge mwanayu mukafunse anthu amene adakhalako. Osangofunsa okhoza okha ayi, mukafunsenso ndi amene adabwerako chimanjamanja."

Choyamba chimene adawerengera ndi mtunda. Kuchoka ku Amaramba munthu amayamba wafika ku Cuamba. Kuchoka apo kukafika ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 350, kaya pa sitima kaya pa msewu. Tsono kuchoka ku Nampula kupita ku Maputo ndi makilomita oposa 2,000, kudzera ku Mocuba, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia, kudutsa Inchope, kuwoloka Save, mpaka kupitirira Xai-Xai. Ndi ulendo wa masiku awiri pa basi, msewu ukakhala kuti uli bwino. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana wa munthu wosauka angabwere kumudzi kamodzi pachaka, mwinanso osabwera. Kukagwa zovuta kumudzi, iye adzafika anthu atabalalika kale pamaliro. Nayenso zikamuvuta kumeneko, thumba la ufa silingamufike.

Munthu woyamba kumufunsa adali mphunzitsi wina wa pulayimale wa dera lomweli, amene adakaphunzirapo pa yunivesite ina ku Maputo nabwerako patatha zaka ziwiri opanda pepala. Anthu m'mudzi ankanong'onezana kuti adalowerera ndi mowa. Iye adawalandira bwino alendowo, nawauza zoona zake mosabisa. Adati malo ogona pasukulu sadawapeze, choncho ankakhala kwa mbale wa kutali ku Matola. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha kukalimbirana chapa, ndipo masiku ambiri ankafika phunziro loyamba litatha. Madzulo ankafika kunyumba 9 koloko, atatopa, napeza mbale zikumudikira kuti atsuke, pakuti wokhala kwa eni sakana ntchito. Chakudya chinali kamodzi patsiku. Ndalama imene makolo ankatumiza atagulitsa fodya inkathera pa chapa ndi kujambulitsa mapepala a maphunziro.

Adawafotokozeranso m'mene kulephera kumayambira. Magiredi amayambira pa 0 kulekeza pa 20 monga ku sekondale, ndipo phunziro lililonse amalitcha cadeira. Amene sadafike pa 10 pa mayeso a m'kati mwa teremu saloledwa nkomwe kulemba mayeso omaliza, ndiye kuti cadeira imeneyo aibwereza chaka chinacho. Choopsa nchakuti maphunziro ena ngomangirirana: ukalephera loyamba sungalowe lachiwiri. Motero kugwa kamodzi kumabala kugwa kwina, ndipo zaka zinayi zimasanduka zisanu ndi ziwiri makolo akulipirabe.

Koma chimene chidamumaliza, adatero mphunzitsiyo, ndi manyazi. Chipwitikizi chake chinali cha m'buku, cholankhula mochedwa, pamene anzake obadwira mumzinda ankachilankhula ngati akumwa madzi. Tsiku lina atafunsa funso m'kalasi ena adaseka katchulidwe kake. Pa chapa adamvapo munthu akumutcha xingondo, mawu onyoza amene anthu ena a kummwera amatchulira munthu wa kumpoto. Kuyambira pamenepo adatseka pakamwa. Sadafunsenso kanthu, sadalowe gulu lililonse lowerengera limodzi, ndipo atalephera sadauze makolo kwa chaka chathunthu. "Amalume, maphunziro aja sadandigonjetse ayi," iye adatero. "Chidandigonjetsa ndi njala, chapa ndi kusowa munthu womuuza. Mbewa ya manyazi idafera kuuna."

Amalume aja adatuluka m'nyumbamo ali chete. Koma sadafune kuweruza mlandu atamva mbali imodzi, choncho adakapeza mayi wina dokotala amene adamaliza ku Eduardo Mondlane ndipo akugwira ntchito pa chipatala china m'chigawo chino. Mayiyu adayankhula za sukulu yake monyadira. Adati udokotala ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nyumba zophunziriramo zili pafupi ndi Hospital Central de Maputo, chipatala chachikulu kuposa zonse m'dziko muno. Wophunzira amaona matenda a mitundu yonse ndipo amaphunzitsidwa ndi akatswiri amene m'zigawo zina sapezeka. Sadabise kuti kumeneko nkowawa. Zaka zoyamba munthu amaloweza fupa lililonse ndi mtsempha uliwonse wa m'thupi, kugona kumachepa, ndipo ana amene ankakhala nambala wani ku sekondale kwawo amadabwa kulandira 7 kapena 8 pa mayeso oyamba. Ena amalira, ena amadwala nazo mutu.

Mtsikana uja adafunsa kuti, "Nanga inu amayi mudapirira bwanji?"

Dokotalayo adati zinthu ziwiri ndizo zidamupulumutsa. Choyamba, adapeza bolsa, thandizo limene limapatsa wophunzira malo ogona ndi chakudya m'nyumba za yunivesite, monga zija amazitcha Colmeia ndi Self. Motero nthawi imene anzake ankataya pa chapa iye ankaithera pa mabuku. Chachiwiri, sabata yoyamba yomwe adapezana ndi ophunzira akale ochokera ku Niassa ndi ku Zambézia, amene adamusonyeza njira, namubwereka mabuku ndi mafunso a zaka zam'mbuyo. Adapanga gulu la anthu asanu, ndipo ankafunsana mafunso usiku uliwonse. Mmodzi akasowa sopo anzake ankasonkha. Mwa asanuwo, onse adamaliza.

Adawachenjeza kuti si onse amene ali ndi mtima wotere. Pali ena amene amabisa zimene akudziwa poopa kuposedwa. Pali ana a anthu olemera amene adaphunzira m'sukulu zolipira, obwera ndi kompyuta zawo, ena ndi galimoto zomwe, ndipo mwana wa kumudzi akayamba kudziyerekeza ndi iwo ndiye kuti watayika. Palinso azibambo a magalimoto amene amazungulira kumene kumagona atsikana, ndipo amadziwa bwino kuti mwezi ukafika pakati ndani ali ndi njala. Adatinso odwala ambiri a kumeneko, makamaka achikulire, amalankhula Chichangana ndi Chironga, motero wophunzira udokotala wa kumpoto amakhala ndi ntchito yapadera yophunzira chinenero kuti amve chimene chikumupweteka wodwala. Pomaliza adati, "Mwanangu, ukapeza bolsa, pita usaope. Koma ukapanda kuipeza, ndipo ulibe mbale wa pafupi ndi sukulu, uganize kawiri. Bolsa yomweyo imafuna kuti uzikhoza, ukagwa kwambiri amakulanda."

Amene alibe malo pasukulu amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba za eni, kamene kumeneko amati dependência, m'madera oyandikira monga Polana Caniço ndi Maxaquene. Mumzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi, monga adawerengera mu 2017, chilichonse nchogula: madzi, makala, magetsi, ngakhale masamba a ndiwo amene ku Amaramba amangothyola kudimba. Matemba ndi makumba amene mwana adakulira akudya ulere, kumeneko ndi ndalama. Amalume aja atawerengera ndi mlamu wawo adapeza kuti mbuzi zonse, kuphatikizapo ziwiri zawo zija, sizingasunge mwanayo mumzinda umenewo kufikira chaka chitatha.

Munthu wachitatu adali mnyamata wa ku Cuamba amene akuphunzira udokotala ku Nampula, pa Universidade Lúrio. Sukuluyi ndi yaing'ono pa msinkhu, idayamba kuphunzitsa mu 2007, ndipo ya zaumoyo ili ku Marrere, kunja pang'ono kwa mzinda. Mnyamatayo adaseka atamva kuti anthu ena amaiyesa yophweka. Adati mafupa a munthu ndi omwewo ku Nampula ndi ku Maputo, ndipo anzake ena adabwerezapo chaka. Adafotokoza za dongosolo lina la pasukulupo lotchedwa Um estudante, uma família, limene limapatsa wophunzira banja la m'midzi yozungulira kuti aziliyendera ndi kutsatira za umoyo wake. Adati pamenepa mwana wa kumudzi ndiye amawala, pakuti amadziwa kuodira pakhomo, kukhala pamphasa ndi kulankhula ndi agogo mwaulemu. Chinenero cha mumzindawo ndi Chimakhuwa, ndipo munthu wa ku Mecanhelas amene amamva Chilomwe sasochera nacho.

Naye sadabise zoipa za mzinda wake. Ku Nampula kumatentha, miyezi ya chilimwe madzi amavuta m'madera ambiri, ndipo akuba mafoni ndi ochuluka monga m'mizinda ina yonse. Dzina la sukuluyo silidafike patali ngati la Mondlane. Koma adanena chinthu chimodzi chimene chidawalowa mayi a mtsikana uja atachimva: mayi ake amakweza thumba la ufa ndi nyemba pa sitima ku Cuamba m'mawa, iye nkulilandira ku Nampula tsiku lomwelo.

Nkhani ya Blantyre nayo adaiunika, pakuti kwa munthu wa m'malire muno Malawi si dziko lachilendo. Njanji yochoka ku Cuamba imadutsa pa Entre Lagos kulowa ku Nayuchi mpaka ku Liwonde, ndipo Zomba ndi Blantyre zili pafupi kusiyana ndi Nampula. Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre idatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth amalankhula chinenero chomwechi. Koma maphunziro onse ndi a m'Chingerezi, pamene mtsikanayu zaka 12 zonse adaphunzira m'Chipwitikizi. Wochokera kunja amalipira ndalama zambiri kuposa mwini dziko, ndipo pobwerako pepala lake liyenera kuvomerezedwa kaye kuno asadayambe ntchito. Za ku Beira, kumene Universidade Católica imaphunzitsanso udokotala, adangozitchula nkuzisiya, chifukwa ndi sukulu yolipira ndipo thumba la banjalo silikadakwanitsa.

Padalinso nkhani ya mtendere wa mumzinda, imene makolo ambiri saiganizira. Mu February 2008 ku Maputo kudabuka zipolowe chifukwa cha kukwera mtengo kwa chapa, ndipo mu September 2010 zidabukanso chifukwa cha mtengo wa buledi ndi zinthu zina. Chisankho cha pa 9 October 2024 chitatha, zionetsero zidatenga miyezi, misewu idatsekedwa, anthu ambiri adafa, ndipo Nampula nayo idakhudzidwa. Palibe mzinda umene ungalonjeze bata. Funso loyenera ndi lakuti, zinthu zikavuta chotero, mwanayo adzabisala kwa yani, ndipo zidzamutengera masiku angati kuti afike kwawo?

Pa zonse zimene banjali lidamva padatuluka mfundo imodzi. Kuvuta kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo anthu amakusokoneza. Pali kuvuta kwa maphunziro: mabuku ochuluka, aphunzitsi osanyengerera, mayeso osakhululuka. Kuvuta kumeneku nkwabwino, ndipo kholo lisamuthawitse mwana. Palibe amene angafune kung'ambidwa pamimba ndi dokotala amene adakhoza mwa chifundo. Mwana wa ku Amaramba amene adapalasa bwato m'mphepo, nayenda makilomita ambiri kupita kusukulu wapansi, ntchito yolimba saiopa. Koma palinso kuvuta kwa moyo: njala, mtunda, kusowa pogona, kusowa mnzako. Kuvuta kumeneku sikuphunzitsa kanthu, kumangodya mphamvu zimene zikadapita ku mabuku. Ana ambiri a kumudzi amene amabwerako opanda pepala amagwa ndi kuvuta kwachiwiriku, koma kumudzi amawanena kuti adali opanda nzeru kapena adalowerera.

Sukulu ikakhala yolimba kwambiri, mpamene pamafunika kuti moyo wa kunja kwa kalasi ukhale wopepuka. Munthu sasenza mitolo iwiri yolemera pa ulendo umodzi. Mwana amene ali ndi pogona pafupi, chakudya chokwanira ndi anzake omugwira dzanja angathe kupirira aphunzitsi ouma mtima chotani. Koma amene akulimbana ndi mzinda kuyambira m'bandakucha amafika m'kalasi atagonja kale.

Ngakhale mwini dzina la yunivesite ija adadziwa zimenezi. Eduardo Mondlane adali mwana wa kumudzi ku Manjacaze, ndipo adaweta ziweto mpaka ali ndi zaka pafupifupi 12. Adakalowa yunivesite yomveka ya Witwatersrand ku Johannesburg, koma boma la tsankho lidamuchotsa m'dzikomo mu 1949. Adapita ku Lisboa mu 1950, kumene apolisi a Apwitikizi sankawapatsa mpata ophunzira a ku Africa. Patangotha chaka adachokako kupita ku Oberlin, koleji ya m'tauni yaing'ono ku America, ndipo kumeneko ndiko adamaliza digiri yake yoyamba mu 1953. Nzeru zake zidali zomwezo m'malo onse atatu. Chidasiyana ndi malo amene adamulola kukhala pansi nkuwerenga.

Tsono khalidwe la ophunzira a pasukulu munthu angalidziwe bwanji ali kutali? Zithunzi za pa foni ndi mapepala oitanira anthu sizinena zoona zonse, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Njira ndi yomwe adatsata bambo aja, kufunsa anthu amene adakhalako, ndipo mafunso ake akhale olunjika. Mwa amene mudayamba nawo chaka choyamba, ndi angati adafika kumapeto? Munthu akalephera mayeso, anzake amamuthandiza kapena amamuseka? Ophunzira akale amawalandira bwanji atsopano, amene amawatcha caloiro: amawasonyeza njira kapena amangowazunza? Kodi mwana angapite kwa mphunzitsi kukafunsa chimene sadamve? Alipo a kwathu kuno amene amasonkhana? Tchalitchi kapena mzikiti uli pafupi? Loweruka madzulo ophunzira ambiri amapezeka kuti, kowerengera kapena komwera? Wofunsidwa akayamba kuzemba funso, yankho ndi lomwelo.

Za mzinda nazo zili ndi mafunso ake. Kuchokera pogona kukafika m'kalasi ndi mphindi zingati, ndipo ndi chapa zingati? Chipinda, chakudya ndi mapepala zimadya ndalama zingati pa mwezi, osati pa chaka, pakuti njala imabwera mwezi ndi mwezi? Mbale amene akuti adzasunga mwanayo, kodi wafunsidwa ndipo wavomera ndi pakamwa pake, mkazi wake akumva? Ambiri amangoti kuli achimwene kumeneko, osadziwa kuti achimwenewo akugona chipinda chimodzi ndi ana anayi. Ndipo kwa mwana wamkazi, njira yochokera kusukulu usiku ndi yotani?

Banja lija litakhalanso pansi, bambo adati mwini wake alankhule. Mtsikanayo adagwada nati, "Amalume, ku Maputo ndikufunako, sindinama. Koma yankho la bolsa limatuluka munthu atakhoza kale mayeso. Ikakanika, mudzagulitsa bwato kuti ndisabwerere, ndipo azing'ono angawa adzadya chiyani? Ndiloleni ndikayese ku Nampula. Kumeneko ndikagwa, ndigwera pafupi."

Amalume aja sadakondwe kwenikweni, ndipo sadabise. Adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma adakumbukira zimene dokotala uja adawauza potsazikana, kuti madokotala ambiri akafuna ukatswiri wapadera amakaphunzirabe ku Maputo atayamba kale ntchito, akudya ndalama yawoyawo. "Chabwino mwanangu," iwo adatero. "Maputo sathawa. Udzapitako uli dokotala kale. Mbuzi zija ndipereka ndithu."

Pasapezeke wina wonena kuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti ana onse azisankha pafupi. Chaka chomwecho mnyamata wina wa mudzi woyandikana nawo adapita ku Maputo kukaphunzira uinjiniya, ndipo adachita bwino kutero, chifukwa mkulu wake weniweni amagwira ntchito kumeneko, ali ndi nyumba, ndipo adachita kumuitana yekha. Wina wofuna za ulimi adayerekeza Maputo, Unango m'boma la Sanga kumene Lúrio ili ndi sukulu ya zaulimi, ndi Cuamba kumene Católica imaphunzitsa zomwezo, nasankha ku Unango. Ofuna uphunzitsi ali ndi Universidade Rovuma, imene idakhazikitsidwa mu 2019 ndipo ili ndi nthambi ku Lichinga. Mafunso ndi amodzimodzi, koma mayankho amasiyana malinga ndi thumba la banja, mtima wa mwana ndi abale amene ali nawo.

Chimene chimapweteka ana ambiri ndi mpikisano wa makolo. Bambo amafuna kuti pa bwalo la bawo azinena kuti wanga ali ku Maputo, osaganiza kuti mwanayo wagona ndi njala kangati sabata imeneyo. Mwana naye, poona kuti mudzi wonse udamuperekeza ndi nthungululu, amaopa kunena kuti zikumuvuta. Makolo amene atumiza mwana kutali ayenera kumuuza mawu awa asadakwere galimoto: ukalephera utiuze msanga, sitikutaya. Mawu amenewa ndi kamba woposa ndalama, pakuti cadeira imodzi ikagwa imatheka kuitola, koma zikaunjikana mwakachetechete zimagwetsa nyumba yonse.

Mtsikana uja adakhoza mayeso olowera ndipo ali ku Nampula. Akuchita lendi chipinda ndi mnzake wa ku Mandimba, mtunda woyenda pansi kukafika kusukulu. Mayeso ake oyamba adapeza 9, ndipo adaimba foni usiku womwewo akulira. Mayi ake adamuuza kuti apukute misozi akafunse anzake m'mene amawerengera. Tsopano ali m'gulu la anthu anayi. Bwato la bambo ake likadali pamadzi, mbuzi zatsala zinayi, ndipo mng'ono wake wayamba kalasi 10. Zaka zikadalipo zambiri kutsogoloku, ndipo palibe angalumbire kuti zonse zidzayenda bwino. Koma banjali lidachita mbali yake: lidafunsa lisadagulitse kanthu.